Kompyuta Yoyankhulira Ababa

Pakona ya sikirini panali kamzere koyera kakuphethira, kwina konse kuli bii. Chitsiriza anakadikira kamzereko mpaka khosi linauma. Sikanasunthe. Anazimitsa kompyuta, n'kuyatsanso. Fani inalira, zilembo zinathwanima pang'ono, kenako kamzere komwe kaja, pamalo pomwe paja.

"Ikubwera, ababa. Musadandaule," anatero osacheuka.

Bambo ake anali pa njinga yawo ya olumala, pambali pa tebulo. Sanayankhe, pakuti choyankhira chawo n'chimene chinali chitafa.

Muwamvetse bwino bambo amenewa. Anali ometa tsitsi, ndipo pakamwa pawo sipankatsekeka. Munthu ankalowa mu shopu yawo kudzameta ndevu basi, n'kutuluka atamva za mpira, za ndale, za ukwati wa mnzake womwe ukugwedezeka, makutu ali otentha. Ndiye sitiroko inabwera n'kuchita kusankha pogwira. Inatenga mbali yonse yakumanja, n'kutenganso lilime. Inawasiyira dzanja lamanzere lonjenjemera, losatha kugwira cholembera, ndi liwu limodzi lokha, "aaa", lomwe linkagwira ntchito pa njala, pa ukali ndi pa kuseka pomwe.

Chimene chinawabwezera pakamwa ndi kompyuta yakalekale imene ana awo anatola pamene ofesi ina inkataya katundu. Mwana wawo wamkulu, woyendetsa takisi, anacheka kathabwa, n'kukaboola mabowo, bowo lililonse pamwamba pa batani lake, n'kukamangirira pa kiyibodi. Chala chikalowa m'bowo, chinjenjemere bwanji, sichikanagunda batani la pambali. Kompyutayo anaitchera kuti isamamvere kugunda kwangozi. Bambo ankadina n'kugwirizira mpaka iti "tii", chilembo chachikulu n'kutuluka, iwo n'kusamukira bowo lina. Zaka zitapita, zilembo za pa mabatani zinafufutika zonse ndi thukuta la chala chimodzicho. M'nyumba monse panalibe wodziwa kuti bowo lakuti ndi chilembo chakuti. Ankadziwa ndi iwo okha, ndipo ankalalata nayo bwino lomwe. TIYI WAZIZIRA. UJA AKUKUFUNSIRAYU MUTU WAKE NGWOVUTA KUMETA, MUKANE.

Dzulo lake disiki ya m'kati mwa kompyuta inayamba kugogoda, kenako zii. Chitsiriza, mwana wawo wamkazi womaliza, ndiye ankakhala nawo m'kanyumba ka pamwamba, kokwera ndi masitepe. Ntchito yake inali yokonza mafoni. Foni ankatha kuimasula ali m'tulo, koma chibokosi chachitsulochi chinabadwa iye asanayambe sukulu. Mnzake wa kuntchito, amene aliyense ankamutcha Mawaya, anamupatsa disiki ina, ndi fulashi yokhala ndi sisitemu, pulogalamu yaikulu ija imene kompyuta imadzukira.

"N'zophweka," anatero Mawaya. "Ulowetse, uyatse, uzingodina kutsogolo."

Zophweka! Anthu okonza zinthu ndi mawu amenewa, Mulungu awakhululukire.

Tsopano dzuwa linali litakwera, likulowa pa zenera mpaka pa tebulo, ndipo kutsogolo kodinako kunali kusakuoneka. Chitsiriza anaimbira Mawaya, n'kuika foni pa tebulo kuti azimva manja akugwira ntchito.

"Yangoima. Kamzere kokha."

"Ukangoyatsa, dina batani la pakona mwachangu. Kutuluka tsamba la buluu, la zotchera za m'kati. Uone deti."

Anadina, tsamba linatuluka. Deti yake inali ya chaka chimene iye anali kuyamwa.

Mawaya anaseka. "Kabatire kafa. Gogoyo akuiwala chilichonse ukangomuzimitsa. Yang'ana m'kati, uona kabatire kophwatalala ngati batani la jekete."

Anakapeza, koma katsopano akanakatenga kuti? Anasanthula m'madirowa, kenako anakumbukira sikelo ya kukhitchini. Anaitembenuza, n'kuzula kabatire kake ndi nsonga ya mpeni. Kanakwana. Anakonza deti, anauza kompyuta kuti iyambire pa fulashi, n'kuyatsanso.

Ulendo uno zinasintha. Panatuluka mizere iwiri yosankha. Anasankha wapamwamba, ndipo zilembo zoyera zinayamba kuthamanga kuchokera pansi kupita m'mwamba, zambirimbiri, zosawerengeka.

"Ababa, onani! Yadzuka!"

Zinathamanga, zinathamanga, n'kuima pa mzere wina. Phee. Fani yokha ndiyo inkalira.

"Yaimanso," anatero pa foni, mawu atagwa.

"Makompyuta akale amatero. Sisitemu ikuifunsa za kasungidwe ka magetsi, iyo sikudziwa choyankha, ndiye onse awiri angoyang'anana. Zimitsa, usankhe mzere wachiwiri uja. Umenewo sufunsa zambiri."

Anatambasula dzanja kuti azimitse. Pomwepo kapu inagwa pansi n'kusweka.

Anacheuka. Dzanja la bambo ake linali kupapasa pa tebulo, likugwetsa chilichonse. Nkhope yawo inali thukuta lokhalokha, kolala ya shati itanyowa. Ndipo liwu lija, "aaa" uja amene Chitsiriza ankamudziwa mitundu yake yonse, linatuluka mwa mtundu umene anali asanaumvepo. Linali lopyapyala, lokwera, ngati la mwana.

Chitsiriza anasendera pafupi. Anagwada patsogolo pawo.

"Ababa, n'chiyani? Kuchimbudzi?"

Anapukusa mutu.

"Madzi? Mwatsamwa? Pachifuwa?"

Anapukusa, anapukusanso.

"Mutu? Mutu ukupweteka?"

Apa mutu unagwedera kutsogolo, kenako m'mbali, kenako kutsogolo. Inde kapena ayi, sizinadziwike. Anawafunsa za mwendo, za m'mimba, za msana, mpaka mafunso anamuthera. Anathamangira kukhitchini, anang'amba katoni, n'kulembapo zilembo zonse zikuluzikulu. Anaiika patsogolo pawo.

"Lozani apa. Chonde, ababa, ingolozani."

Dzanja linadutsa katoniyo ngati palibepo kanthu, n'kupitiriza kupapasa. Linapeza waya wa kiyibodi, linaukoka, kiyibodi n'kufika pamphepete pa tebulo, pafupi ndi chifuwa chawo.

"Sinayake! Ababa, ino si nthawi ya makani!"

Anadula foni ya Mawaya, n'kuimbira mchimwene wake wa takisi uja. Inaitana nthawi yaitali, abale, yaitali zedi.

"Achimwene, bwerani. Ababa sali bwino."

"Atani?"

"Thukuta, akubuula, sindikudziwa!"

"Akuti chiyani?"

"Anena bwanji? Kompyuta ija sinadzuke!"

Kumbali inayo kunamveka mahutala ndi kutukwana. "Ndili kutali, ndipo msewu wadzadza. Ndikutsitsa munthuyu pompano. Usayese kuwatsitsa wekha masitepe amenewo, mugwa nonse. Aneba alipo?"

"Onse ali kuntchito."

"Ndiye mvera. Tsiku loyamba lija adokotala ananena kuti sitiroko ikadzabweranso, tidzathamange, ndipo tidzanene msanga chimene akumva ndi pamene chayambira. Tikakafika osadziwa kanthu, akayamba kufufuza kuchokera kuphazi. Idzutse kompyutayo, Chitsiriza."

Ikadzabweranso. Mawu amenewa m'nyumba muno sankatchulidwa. Chitsiriza anachita mantha amene anali asanachitepo. Bambo ake anali ndi mawu m'kamwa, mawu oti mwina n'kuwapulumutsa, ndipo khomo lotulukira mawuwo linali chibokosi chafumbi pansi pa tebulo.

Anawerama, anazimitsa, n'kuyatsa.

Tiii-tii-tii-tii-tii-tii!

Kompyuta inalira mosalekeza, kulira kobaya m'makutu. Pa sikirini panatuluka timawu tochepa pamwamba, n'kuima pomwepo. Mizere iwiri yosankha ija sinabwere n'komwe.

"Mayo ine, ndaipha."

Anazimitsa, kuyatsa. Chimodzimodzi. Anaimbiranso Mawaya, chala chikuphonya dzina.

"Ikulira! Sikufikanso pomwe inafika paja! Ababa akudwala, Mawaya, akufuna kunena kanthu!"

Mawaya anasiya nthabwala. "Chabwino. Mtima pansi. Tichite mwa nthawi zonse: uzichotsa chinthu chimodzi, n'kuyatsa. Chimene ungachotse n'kusiya kulira, wolakwa ndi ameneyo. Yamba ramu, timatabwa tobiriwira tija. Tizule, upukute mano ake ndi labala, ubwezere kamodzi kokha."

Analowa pansi pa tebulo ndi mutu womwe. Munali mdima, fumbi ndi fungo la waya wotentha. Pambali pake panali mapazi a bambo ake, lamanzere likugunda chitsulo cha njinga, go, go, go. Anazula timatabwato. Labala analibe, anapukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi. Anabwezera kamodzi, n'kuyatsa.

Tii-tii-tii-tii!

Anasintha, n'kuika kanzake. Kulira komwe kuja. Anazula waya wa disiki yatsopano. Kulira. Anazula choikamo zimbale. Kulira. Chitsulo chakuthwa cha m'mphepete mwa bokosi chinamucheka chala, magazi n'kudonthera pa fani, iye osamva n'komwe. Pamwamba pake bambo ake ankabuula, kubuula kwawo kukusakanikirana ndi kwa makina, moti sankadziwanso kuti akumva uti.

"Mulungu wanga, musandichite zimenezi. Ndachotsa zonse, Mawaya! Mwatsala mafupa okhaokha!"

"Dikira. Sendeza foni pafupi, ndimve bwino."

Anaisendeza.

"Kumeneko si kulira kwa ramu," anatero Mawaya pang'onopang'ono. "Ramu imalira motalikitsa. Uku n'kwa batani lokanirira. Kompyuta yakale ikamadzuka n'kupeza batani lili lodinidwa, imaganiza kuti kiyibodi yafa, ndiye imaima. Pali chimene chagona pa kiyibodi? Buku? Sikuludiraiva?"

Chitsiriza anatulutsa mutu pansi pa tebulo.

Chala cha bambo ake chinali m'bowo. Chinali chitadina mwamphamvu mpaka chikhadabo kuyera, dzanja lonse likunjenjemera mozungulira chalacho. Ankachita zimene ankachita tsiku lililonse: kudina, kugwirizira, kudikira "tii" mmodzi uja woti chilembo chalowa. Makina akamalira, iwo ankadinanso kwambiri. Nthawi yonse imene iye ankang'amba m'mimba mwa kompyuta, bambo ake anali ali pa chilembo choyamba.

Anasuzumira m'bowomo. Batani lake linali losalala, lotuwa, lopanda chizindikiro. Anadzitukwana mumtima. Zaka zonsezi, osaphunzira ngakhale bowo limodzi!

"Ababa, chotsani chala. Pang'ono pokha. Ikayaka mulemba."

Chala sichinachoke.

"Ndi chala chanu chikuiimitsa. Ababa, mukundimva?"

Ankamva, iye anadziwa kuti ankamva, pakuti milomo inagwedera. Koma munthu amene akumira simungamuuze kuti asiye chimene wagwira. Chitsiriza anabwezera mawaya onse mwachangu, anaimirira, n'kugwira mkono wa bambo ake ndi manja awiri.

"Mundikhululukire."

Anakoka. Kodi mphamvu zimenezi ankazisunga kuti? Mkono wowondawo unalimba ngati chitsulo. Anachita kukanganula chalacho m'bowo, n'kukanikizira dzanja lonse pa ntchafu yawo, iye n'kulitsamira ndi thupi lake. Bambo ake anakuwa. Sikunali kubuula ayi, kunali kukuwa kwenikweni, kwa munthu amene akumutseka pakamwa. Misozi inatsika mbali imodzi ya nkhope. Chibadwire, Chitsiriza anali asanawagwirepo bambo ake mwa nkhondo. Dzanja limeneli ndi limene linkamumeta ali mwana, likumugwira chibwano kuti asagwedezeke. Lero ndi iye amene ankalipanikiza, ndipo anadzida.

Manja onse anali otanganidwa. Anavula silipasi, anatambasula mwendo pansi pa tebulo, n'kudina batani loyatsira ndi chala chachikulu cha kuphazi.

Fani inalira. Tii. Kamodzi kokha.

Mizere iwiri ija inatuluka. Anamasula dzanja limodzi, anafunafuna mabatani a mivi, amene ankadziwika chifukwa anakhala paokha kumunsi, anatsitsa pa mzere wachiwiri, n'kudina. Bambo ake anapezerapo mpata, dzanja linapulumuka, iye analigwira lisanafike pa kiyibodi.

"Ayi, ababa! Ayi! Chonde!"

Zilembo zoyera zinayamba kuthamanga. Maso ake anali pa sikirini, akufunafuna mzere woipa uja. Unabwera. Zilembo zinaima.

Chitsiriza anasiya kupuma.

Kenako zinasuntha, mzere umodzi, wina, n'kuthamanganso. Koma asanasangalale, sikirini yonse inada. Pakona panatuluka kamzere koyera, kakuphethira.

"Mawaya! Yabwerera pomwe tinayambira!"

"Usaikhudze! Yang'ana fulashi. Kanyali kake kakuthwanima?"

Anapinda khosi. Kumbuyo kwa bokosi kanyali kofiira kankathwanima mwachangu.

"Kakuthwanima."

"Ndiye ili moyo, ikuwerenga. Ndi yokalamba, siithamanga. Ukaizimitsa pano, tiyambiranso."

Kudikira kumeneko, musakufunire mnzanu. Dzanja la bambo ake linayamba kufooka m'manja mwake. Poyamba anayesa kuti amvetsa. Kenako ganizo lina linamulowa: bwanji ngati si kumvetsa? Bwanji ngati dzanja ilinso likupita, monga linapitira linzake? Analifinya.

"Ababa, ndifinyeni. Finyani dzanja langa."

Anafinya, koma mofooka. Mpweya wawo unkatuluka mwaphokoso. Chitsiriza anayamba kuwalankhula zilizonse zobwera m'kamwa, kuti achimwene ali m'njira, kuti uja womufunsira anamukana kale, kuti mutu wake unalidi wovuta kumeta. Mawu ankatuluka, koma maso ali pa kanyali kofiira. Kakangosiya kuthwanima pang'ono, mtima wake nawo unkaima.

Sikirini inasanduka yotuwa. Pakati panaoneka kamuvi.

"Yayaka! Mawaya, yayaka!"

"Usadine zoika sisitemu, zimenezo n'za mawa. Sankha zoyesa kaye. Ukatero tsegula polembera."

Mausi inkayenda modumphadumpha. Anaphonya, anabwereza. Tsamba loyera linatseguka pang'onopang'ono, kuyambira pamwamba. Anakulitsa zilembo, anakankhira kiyibodi patsogolo pa bambo ake, n'kumasula dzanja lawo.

"Lembani, ababa. Ndakusiyani. Lembani."

Dzanja linakwera movutikira, linapapasa m'mphepete mwa thabwa, chala n'kuwerenga mabowo mpaka chinalowa m'bowo lomwe lija.

Mzere wonse unadzadza: sssssssssssss. Chilembocho chinkangothamanga, mzere wachiwiri, wachitatu. Sisitemu yatsopanoyi sinkadziwa za kugwirizira, ndipo "tii" uja inalibe. Bambo ankadikirabe.

"Chalowa, ababa! Ndi S! Pitani kwina!"

Chala chinatuluka, chinayendayenda, n'kulowa bowo lina.

"I! Chalowa!"

Anapitiriza choncho, iwo kudina, iye kufuula. N. D. I. Chala chinkachedwa pakati pa mabowo, nthawi zina n'kuima m'malere ngati chaiwala njira, Chitsiriza n'kumadziluma mlomo kuti asawafulumizitse. K. U. Sindiku chiyani? Sindikupuma? Sindikumva mwendo? O. N. A.

Anawerenga, akudumpha zilembo zobwerezabwereza. Anawerenganso.

Sindikuona.

Anatembenuka n'kuwayang'ana bambo ake kumaso, koyamba kuwayang'anitsitsa chiyambire zonsezi. Maso anali otsegula bwinobwino, oyera, onyowa. Ankayang'ana khoma, pamwamba pang'ono pa phewa lake. Dzuwa la pa zenera linali litafika pankhope pawo penipeni, ndipo sankatsinzina. Anayendetsa dzanja lake lamagazi patsogolo pawo. Maso sanatsatire.

"Chitsiriza?" Anali Mawaya pa foni. "Alemba?"

Chala chinali chitayambanso kuyenda, ndipo Chitsiriza anayenera kutchula zilembo. K. W. A. D. A. Chinapuma. K. O. D. I.

Kwada kodi.

Panja hutala inalira, chitseko cha galimoto chinamenyedwa, mapazi olemera anayamba kukwera masitepe, awiriawiri. Mchimwene wake anakankha chitseko, ali wefuwefu, makiyi ali m'manja.

"Akuti chiyani?"

"Sakuona, achimwene. Zayamba pomwe ndinakuimbirani paja. Akufunsa ngati kwada."

Mchimwene wakeyo anayang'ana zenera, anayang'ana bambo ake, n'kugwira pakamwa.

Chala chinali chikadali pamwamba pa thabwa, chikudikira yankho. Chitsiriza anafuna kunama. Bodza linali pafupi, losavuta: inde ababa, kwada, magetsi azima. Koma bambo amenewa anali atamenyera nkhondo funso limeneli ndi chala chimodzi, ndipo kunja ana a sukulu ankamveka akuweruka. Anagwada, n'kuika tsaya lake pa dzanja lawo kuti adziwe pamene iye ali.

"Ayi, ababa," anatero. "Ndi masana."